Kugula 4x4 ya Kaunjika ndi Ndalama Zochepa: Nkhani ya Dzimbiri ku Machinga ndi Balaka

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, misewu ya m'maboma a Machinga ndi Balaka imagawikana pawiri. Pali ya phula, monga wochokera ku Zomba kudzera pa Liwonde kupita ku Mangochi, wa Liwonde kupita ku Balaka mpaka pa Chingeni, ndi wodzera ku Ntaja ndi Nselema. Ndiye pali ina yolowera kumidzi, ku Chikweo, ku Nayuchi, ku Utale ndi kumadoko a nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Yambiri mwa iyi ndi yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja. Munthu amene ntchito yake ili kumeneko, kaya ndi wogula mpunga, thonje kapena nandolo, kaya ndi mbusa woyendera mipingo yambiri, kaya ndi mlimi wa munda wakutali, sachedwa kulakalaka galimoto ya 4x4.

Yatsopano amagula ndi boma, mabungwe ndi makampani. Munthu wamba amagula ya kaunjika, ndipo ndalama zikachepa amagula yakale ndithu, ya zaka 15, 20 kapena kuposa. Funso lake limakhala ili: pa galimoto yakale chonchi, ndi vuto liti lomwe munthu angalole kugula nalo n'kumakonza pang'onopang'ono, ndipo ndi liti lomwe liyenera kumubweza ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo bwanji? Injini, giyabokosi ndi penti zimasinthika. Koma chitsulo chimene chanyamula galimoto yonse chikadyeka ndi dzimbiri, ndalama zija zalowa m'madzi.

Kodi 4x4 n'chiyani, nanga akuifunadi ndani?

Galimoto wamba imayendetsedwa ndi matayala awiri, akutsogolo kapena akumbuyo. Ya 4x4 ili ndi bokosi lina kumbuyo kwa giyabokosi, lomwe amakaniko amalitcha transfer case, ndipo limagawa mphamvu ya injini kupita ku difu yakutsogolo ndi yakumbuyo. Pa magalimoto ambiri akale, dalaivala amasankha yekha: 2H ndi ya pamsewu wabwino, 4H ya pamatope ndi mchenga, 4L ya pachitunda chovuta kapena pamene galimoto yatitimira. Magalimoto ena amagawa mphamvuyo okha, dalaivala osakhudza kanthu.

Kapangidwe kake kalinso pawiri. Land Cruiser, Prado, Hilux, Nissan Hardbody, Isuzu KB, Ford Ranger ndi Land Rover Defender ali ndi chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa, ndipo bodi imangomangidwa pamwamba ndi mabawuti. RAV4, X-Trail, CR-V ndi Forester alibe chasisi chapachokha. Bodi yomweyo ndiyo imanyamula injini, masipuling'i ndi anthu. Kusiyana kumeneku n'kofunika pa nkhani ya dzimbiri. Pa mtundu woyambawu bodi ikhoza kubooka galimoto n'kukhalabe yolimba. Pa wachiwiriwu, dzimbiri la pansi pa zitseko kapena pamene pagwira shokobu ndi dzimbiri la pa msana weniweni wa galimoto.

Asanasankhe mtundu, munthu adzifunse ngati akuifunadi 4x4. Imamwa mafuta ambiri, matayala ake ndi okwera mtengo, ndipo ili ndi zitsulo zambiri zoti ziwonongeke. Amene amayenda pa phula miyezi yambiri, n'kumalowa kumudzi mwa apo ndi apo, angathandizike ndi galimoto wamba yotalikirako pansi yokhala ndi matayala abwino. Ndipo pa dothi lamakande, lakuda ndi lomata lija lopezeka m'madera ambiri a Balaka, ngakhale 4x4 imatitimira ngati matayala ake ndi osalala.

Mmene msika umenewu unakulira

M'nthawi ya atsamunda, galimoto ya kumatope inali Land Rover, yomwe inayamba kupangidwa ku Britain mu 1948. Inali ya a DC, apolisi, amishoni ndi eni maesiteti. Pambuyo pake kunabwera za ku Japan, makamaka Land Cruiser ndi Hilux, yomwe inayamba kupangidwa mu 1968, ndipo zinatenga malo chifukwa cha kulimba ndi kupezeka kwa masipeya. Malamulo a ndalama zakunja atamasuka cha mu 1994, anthu wamba anayamba kuitanitsa okha magalimoto, poyamba kudzera ku Durban. Intaneti itafala, makampani monga Be Forward ndi SBT Japan anachititsa kuti munthu ali pa Liwonde asankhe galimoto pa foni, ifike pa doko la Dar es Salaam, ilowe m'dziko kudzera pa Songwe ku Karonga. Ena amadzera ku Beira kapena ku Durban n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza.

Zinthu zinasintha kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuphatikizapo kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki. Msonkho wa MRA nawonso umayendera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo ma 4x4 ambiri ali ndi injini zazikulu. Zotsatira zake n'zakuti wa ndalama zochepa amakankhidwira ku galimoto yakale kwambiri, kapena ku imene yadutsa kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu kuno komweko. Kumeneko n'kumene dzimbiri limachuluka.

Dzimbiri limayamba bwanji?

Dzimbiri limafuna zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni. Zikakumana, chitsulo chimasanduka zofiirira zija zimene zimayoyoka. Pa aluminiyamu, pamwamba pakadyeka pang'ono pamapangika khungu lolimba lomwe limateteza zamkati. Dzimbiri la chitsulo silitero. Limatupa kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, limang'ambika, limasunga chinyezi, ndipo madzi amalowa mpaka pa chitsulo chabwino chapansi. N'chifukwa chake penti imayamba kutupa timatuza, ndipo zitsulo ziwiri zophatikizana zimakankhana mpaka kusiyana.

Mchere ndiwo umafulumizitsa zonsezi. Kudyeka kwa chitsulo kumayenda ndi mphamvu yamagetsi yaing'ono kwambiri, ndipo madzi amchere amadutsitsa magetsi bwino kuposa madzi wamba. Mchere umakokanso chinyezi, choncho malo amene wakhala sauma msanga. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pamalo onyowa, china chimadyeka mofulumira. Izi zimaoneka pa Land Rover zakale, zimene bodi yake ndi ya aluminiyamu koma chasisi ndi chitsulo: kunja imaoneka yabwino, pansi patatha.

Opanga magalimoto amateteza chitsulo pochikuta ndi zinki, penti ndi phula. Chitetezochi chimatha ndi zaka, chimakalika ndi miyala, ndipo chimapsa pamene pawotchereredwa. Chasisi cha magalimoto ambiri ndi champhako mkati, chili ndi timabowo totulutsira madzi. Timabowoto tikatsekeka ndi matope, chasisi chimadyeka kuchokera mkati, ndipo dzimbiri likamaonekera kunja ndiye kuti chitsulo chapyapyala kale.

Ngakhale mitundu yotchuka ndi kulimba sipulumuka. Mu 2016 kampani ya Toyota inavomera ku America mgwirizano wa ndalama pafupifupi madola 3.4 biliyoni woyendera ndi kusintha chasisi cha magalimoto a Tacoma, Tundra ndi Sequoia chifukwa cha dzimbiri. Mu 2017 nyuzipepala za ku Britain zinalemba za ma Nissan Navara a mtundu wa D40 amene chasisi chake chinkathyoka pakati. Dzina la galimoto lokha si umboni.

Kumene galimoto yakulira

Dzimbiri limatsata mbiri ya galimoto kuposa zaka zake. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, Tohoku ndi Niigata, kumagwa chipale chofewa chambiri. Mu 1990 dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa matayala amisomali m'madera ambiri, ndipo kuchokera pamenepo misewu imathiridwa kwambiri mchere ndi mankhwala ena osungunula madzi oundana. Anthu a m'madera amenewa ndiwo amakonda kugula 4x4, choncho mwayi woti 4x4 yochokera ku Japan inayendapo pa mchere ndi waukulu kuposa wa galimoto yaing'ono ya mumzinda. Ku Okinawa kulibe chipale, koma mphepo ya kunyanja imanyamula mchere chaka chonse. Pa pepala la okushoni ya ku Japan, chilembo S chimatanthauza dzimbiri, C chitsulo chodyeka, ndipo R galimoto yokonzedwa pambuyo pa ngozi. Woitanitsa galimoto afunse pepala limeneli ndi zithunzi za pansi, osati za mipando ndi wailesi zokha.

Ku Britain misewu imathiridwa mchere nthawi iliyonse yozizira, ndipo dziko lake ndi lonyowa. Galimoto za ex-UK zimakhala zokongola mkati, zamipando yachikopa, koma ndizo zofunika kuziyang'anitsitsa pansi. Za ku South Africa zimadalira dera: yokulira ku Johannesburg kapena Pretoria, kumtunda kouma, imakhala yabwino pansi kuposa yokulira ku Durban m'mbali mwa nyanja yamchere. Ulendo wa pasitima wa milungu ingapo paokha umangosiya dzimbiri lapamwamba pa mabuleki ndi mabawuti, lomwe si loopsa.

Pomaliza pali zakuno, zogulidwa zatsopano ndi boma kapena mabungwe n'kudzagulitsidwa pa okushoni. Izi sizinaone mchere wa pamsewu, koma zambiri zinagwira ntchito yakalavulagaga, ndipo zina zinakhala zaka zitaima paudzu, matayala ataphwa, mvula ikulowera pa malabala a magalasi.

Zimene zimadya chitsulo kuno kwathu

Anthu ena amati dzimbiri si nkhani ku Malawi popeza tili kutali ndi nyanja yamchere. Zoona zilipo pang'ono. Balaka ndi dera lotentha ndi louma kwa miyezi yambiri, ndipo chitsulo chouma sichichita dzimbiri msanga. Koma kuuma kumangochedwetsa. Sikubwezeretsa chitsulo chimene chinadyeka kale ku Hokkaido kapena ku Manchester. Ndipo kuno kuli adani akenso.

Woyamba ndi matope. Makande akamatirira pamwamba pa thanki ya mafuta, mkati mwa chasisi ndi kuseri kwa matayala, amasunga chinyezi kwa milungu ngakhale kunja kuli dzuwa. Wachiwiri ndi madzi a kuchigwa cha Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukira, madzi ake amachoka pouma ndi dzuwa basi, choncho ali ndi mchere, ndipo dothi la m'mphepete mwake lilinso nawo. Galimoto yokatenga matemba kapena mpunga kumadoko imabwera ndi matope amenewo. Wachitatu ndi katundu. Feteleza, makamaka wokhala ndi nayitireti kapena potashi, amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo mofulumira. Thumba limodzi likabooka kumbuyo kwa pikiapu, timibulu timalowa m'ming'alu n'kukhala momwemo. Madzi a nsomba, mchere wa m'matumba, mkodzo wa mbuzi ndi asidi wa batire zimachitanso chimodzimodzi.

Wachinayi ndi kusefukira kwa madzi. Namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anamiza madera ambiri a kummwera, ndipo mitsinje ngati Rivirivi ndi Likwenu imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda. Galimoto yomwe inamira imatsukidwa n'kugulitsidwa, koma madzi amatsala m'madifu, m'mawaya ndi pansi pa kapeti. Mavuto ake amatuluka patapita miyezi.

Dzimbiri loopsa ndi losaopsa

Si dzimbiri lonse lobweza wogula. Loyamba ndi lapamwamba: chitsulo chafiira koma n'chosalala ndi cholimba, ukapala ndi bulashi yawaya chimawala. Limeneli lili pa galimoto yakale iliyonse, ndipo limangofuna kupalidwa ndi kupakidwa penti. Lachiwiri ndi losendeka: chitsulo chikuyoyoka makoko, chatupa, chachita timaenje. Apa mphamvu yayamba kuchepa, ndipo pafunika makaniko wodziwa ayeze chimene chatsala. Lachitatu ndi lobowola. Bowo la pa chitseko kapena pansi pa kumbuyo kwa pikiapu limadulidwa n'kuikapo chitsulo china. Bowo la pa chasisi, makamaka pamene pagwira masipuling'i, shokobu, bokosi la chiwongolero, injini kapena malamba a mipando, ndi ngozi yodikira tsiku. Mapaipi a mabuleki nawonso akadyeka amaphulika pamene dalaivala waponda mwamphamvu, pomwe amafunikira kwambiri.

Kuyendera galimoto musanalipire

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pamsika wa magalimoto mawuwa ndi enieni. Penti yatsopano ndi yotsika mtengo kuposa chasisi chabwino. Choncho galimoto ionedwe masana, itauma, ili padzenje la pagalaja kapena pamalo okwera. Mutenge makaniko wanu, osati wa wogulitsa kapena wa dobadoba, ndipo mutenge tochi, kanyundo, sikuludiraiva ndi maginito.

Gogodani chasisi ndi kanyundo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimalira phuu, ndipo nthawi zina makoko amayoyokera pankhope. Lowetsani chala m'timabowo ta chasisi kuti mumve ngati mkati muli zidutswa. Yang'anani pamwamba pa difu yakumbuyo, pamene pakhala tayala la sipeya, pansi pa batire, ndi m'mphepete mwa galasi lakutsogolo. Tukulani kapeti ndi malabala a zitseko. Yendetsani maginito m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira matayala. Pamene sakugwira pa bodi yachitsulo, pali fila wobisa bowo kapena ngozi. Phula lakuda latsopano lopakidwa pansi pa galimoto yakale likupatseni mafunso, osati chimwemwe. Fungo la nkhungu, matope ouma kuseri kwa dashibodi ndi dzimbiri pa njanji za mipando ndi zizindikiro za galimoto yomira.

Mukatha apo, yesani 4x4 yeniyeniyo pamsewu wafumbi, chifukwa pa magalimoto osankha pamanja kuyenda mu 4H pa phula louma kumapweteka magiya. Lowetsani 4H ndi 4L, mumve ngati zikulowa ndi kutuluka popanda kukukuta. Ogulitsa ena amachotsa shafiti yakutsogolo kuti abise difu yakufa, ndiye suzumirani muione. Oyilo wa m'difu wooneka ngati mkaka ndiye kuti walowa madzi.

Pamene anthu amasiyana maganizo

Mkangano woyamba ndi wa kuwotcherera chasisi. Ena amati chasisi chikawotchereredwa, galimoto yatha. Ena amaloza mapikiapu a matola omwe ayenda zaka ali ndi zigamba. Chodziwika n'chakuti chigamba chimagwira ngati dzimbiri lonse ladulidwa mpaka pa chitsulo chabwino, chitsulo choikapo chili chofanana kukhuthala, ndipo wowotchererayo ndi katswiri. Chigamba chongophimba pamwamba pa dzimbiri chimabisa vuto lomwe likupitirira kudya pansi. Chovuta n'chakuti wogula sangadziwe ndi maso kuti pansi pa chigambacho pali chiyani.

Wachiwiri ndi wa oyilo wakuda wochotsedwa mu injini, amene ambiri amapopera pansi pa galimoto. Oyilo amathamangitsadi madzi ndipo amalowa m'ming'alu. Otsutsa amati amakola fumbi ndi mchenga, amafewetsa malabala, amadontha n'kuipitsa nthaka, ndipo akafika pa mabuleki ndi ngozi. Pamene onse amagwirizana ndi apa: mankhwala amafuta opangidwira ntchito imeneyi ndi abwino kuposa oyilo wakuda, ndipo phula lolimba lopakidwa pa dzimbiri losapala limatsekera chinyezi mkati.

Wachitatu ndi wa kusankha pakati pa galimoto yakale ya dzina, monga Hilux kapena Land Cruiser ya dizilo yopanda makompyuta ambiri, ndi yaing'ono yatsopanoko ngati X-Trail kapena RAV4 pa mtengo wofanana. Oyikira kumbuyo yakaleyo amati makaniko aliyense wa pa Ntaja kapena pa Ulongwe aikonza, masipeya ake ali ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Biwi, ndipo sigwa mtengo. Enawo amati dzinalo limakweza mtengo mopyola, moti wa ndalama zochepa amangopeza yotheratu. Yankho limadalira ntchito. Wonyamula matumba kuchokera ku Chikweo akufunika chasisi ndi masipuling'i olimba. Woyenda ndi banja, n'kumadutsa matope pang'ono, yaing'onoyo imukwanira.

Kugawa ndalama ndi kusamala mapepala

Mtengo wogulira si mapeto. Pa galimoto yoitanitsa pali ndalama ya sitima, ya padoko, ya dalaivala ndi mafuta ochokera ku Dar es Salaam, ya wothandiza kuombola, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshulansi. Pa yakuno pali kusintha umwini. Pa zonse ziwiri pali oyilo yense, mafyuluta, lamba wa injini, mabuleki ndipo kawirikawiri matayala anayi. Ndi nzeru kusunga padera gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zanu, ngakhale zitatanthauza kugula galimoto yocheperako.

Nambala ya chasisi ifanane ndi ya mu blue book, ndipo iwerengeke bwino. Pa magalimoto ambiri nambalayi imadindidwa pa chasisi chenichenicho, choncho ikadyeka ndi dzimbiri kapena ikaphimbidwa ndi chigamba, mavuto amabwera ku Road Traffic, ku polisi ndi pa chipata cha dziko. Tsimikizani kuti msonkho unalipidwa, makamaka pa galimoto imene inalowa mwaulere m'dzina la bungwe, ndipo wogulitsa akhale mwini wake weniweni kapena wokhala ndi chilolezo cholembedwa. COF yokha isakutonthozeni, chifukwa imanena za tsiku limene galimoto inayezedwa, osati za mkati mwa chasisi.

Mukagula, ntchito yoteteza ndi yotsika mtengo. Tsukani pansi ndi madzi amphamvu mukachoka kumatope, makamaka a ku Chilwa, ndipo tsegulani timabowo ta chasisi ndi ta zitseko ndi kawaya. Yalani pulasitiki kapena matabwa musanakweze feteleza ndi nsomba, ndipo sesani mukatsitsa. Musaimike galimoto paudzu wautali kwa nthawi yaitali. Chaka chilichonse, mu Seputembala kapena Okutobala chitsulo chitauma bwino, palani dzimbiri lapamwamba, pakani penti, ndi kupopera mankhwala amafuta mkati mwa chasisi mvula isanabwere.

Ndalama zikakhala zochepa, dongosolo la kusankha likhale ili: choyamba chasisi ndi mapepala, chachiwiri injini, giyabokosi ndi madifu, chachitatu matayala ndi mabuleki, chomaliza penti ndi mipando. Galimoto yoyoyoka penti koma yolimba pansi imakonzeka mwezi ndi mwezi monga thumba likulolera. Yobooka chasisi isiyeni, ngakhale wogulitsa atakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano.